Utsi wa chipatala chachikulu suchokera komwe timaganiza

Aliyense amene anagonapo pa simenti ya m'khonde la wodi, atafunda chitenje kudikirira m'bale wake, phokoso lija amalidziwa. Magetsi akathima pamakhala kaye bata, mdima uli bii, anamwino n'kuyamba kufufuza mafoni m'matumba kuti awunikire. Kenako kuseri kwa nyumba jenereta imatsokomola kawiri katatu, n'kuyamba kulira, mababu n'kuyakanso. Ife magadiyani timangoti zayenda bwino, n'kufundanso. Koma nthawi yomwe jenereta yayamba kulirayo ndi pomwe chipatala chayamba kudya ndalama mofulumira kwambiri, ndiponso kutulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka kuposa umene chimatulutsa magetsi a ESCOM akamayaka.

Nkhani yoti zipatala zimaonjezera kusintha kwa nyengo inamveka kwambiri mu 2019, pamene bungwe la Health Care Without Harm, mogwirizana ndi kampani ya Arup, linawerengera kuti ntchito za umoyo zimatulutsa 4.4 peresenti ya mpweya wonse wotenthetsa dziko. Anati ntchito za umoyo zikanakhala dziko palokha, likanakhala lachisanu pa maiko oipitsa mlengalenga. Chiwerengero n'choona, koma mwini wake weniweni ndi America, China ndi maiko a ku Ulaya, komwe chipatala chimatha miyezi ingapo chikuwotcha gasi kuti mawodi afunde m'nyengo ya chipale chofewa. Kuno ku Lilongwe, ngakhale mu June kukazizira bwanji, wodwala timamuonjezera bulangete basi. Choncho tikatenga masamu a ku London n'kuwaika pa Kamuzu Central, tidzakhala tikusaka mbewa pa una wa njoka.

Mpweya wotenthetsa dziko umagwira ntchito ngati denga la malata masana a October: kutentha kwa dzuwa kumalowa, koma kutuluka kumavuta. Waukulu ndi carbon dioxide, wochokera ku chilichonse chimene chapsa, kaya dizilo, malasha kapena nkhuni. Ulipo wina wochepa koma waukali, ndipo pofuna kuti masamu asavute, akatswiri amausandutsa wonse kukhala muyeso wa carbon dioxide. Powerengera za malo ngati chipatala, amagawa m'madengu atatu. Loyamba ndi la utsi wotuluka pamalo pomwepo ndi m'magalimoto a chipatala. Lachiwiri ndi la magetsi ogula. Lachitatu ndi la zinthu zonse zimene chipatala chimagula kapena kuchititsa, kuyambira mbulu wa panado mpaka ulendo wa wodwala. Madengu atatuwa tiwasunge, chifukwa kwathu kuno kulemera kwake kwatembenuka.

Tiyambe ndi chimene chimadya magetsi. Chipatala cha Kamuzu Central, chimene anthu amangoti ku Central, chinatsegulidwa mu 1977 ndi thandizo la dziko la Denmark, ndipo chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse asanu ndi anayi a chigawo chapakati, kuyambira Ntcheu mpaka Kasungu ndi Nkhotakota. Malo otere satseka. Ofesi ya ku Capital Hill ikaweruka magetsi ambiri amazima, koma chipatala chimakoka mphamvu usana ndi usiku, Lamulungu ndi pa Khirisimasi pomwe. Akatswiri amati chimene chimalemetsa bilu ya chipatala ndi zinthu zosazimitsikazi, osati zikuluzikulu zongoyaka kanthawi. Makina ojambula m'thupi a CT scan amakoka mphamvu yambiri, koma kwa mphindi zochepa pa wodwala mmodzi. Furiji ya magazi imakoka pang'ono, koma iyenera kusunga madigiri 2 mpaka 6 chaka chonse osapumira. Ya katemera nayo, madigiri 2 mpaka 8. Onjezani mafuriji a ku mochale, zoziziritsira m'thiyeta ndi mu labu, makina ofunditsa ana obadwa masiku osakwana, ndi mababu a m'makonde amene sazima.

Chimene ambiri sitichiganizira ndi okosijeni. Timamuona ngati mankhwala, pomwe kwenikweni ndi magetsi osandulika mpweya. Mu mpweya umene timapumawu, okosijeni ndi 21 peresenti yokha, wotsalayo kwambiri ndi nayitulojeni. Makina opangira okosijeni amapanikiza mpweya ndi kompresa, n'kuudutsitsa mu mchenga wapadera umene umagwira nayitulojeni, kuti otulukayo akhale okosijeni wa pafupifupi 93 peresenti. Kompresa imeneyi ndi chilombo pa kudya magetsi. Ngakhale kamakina kakang'ono ka pambali pa bedi, kamene anamwino amati konsentireta, kamakoka mawati 300 mpaka 600. Ketulo ya kunyumba imakoka kuposa pamenepo, inde, koma ketulo imawira mphindi zisanu, pomwe mwana wa chibayo amakhala pa okosijeni masiku angapo. Mliri wa Covid-19 utafika pachimake kumayambiriro kwa 2021, tonse tinaphunzira kufunsa za masilinda. Funso limene linali kuseri kwake linali la magetsi.

Palinso kutentha. Zipangizo za opaleshoni zimaphikidwa mu otokilevu ndi nthunzi ya madigiri 121 kapena 134. Nsalu za m'thiyeta ndi mashiti a m'mawodi zimafuna madzi otentha, makina ochapira ndi oumitsira. Kukhitchini amaphika phala, nsima ndi nyemba za anthu mazanamazana, ndipo amene anaphikapo nyemba zouma akudziwa kuti sizimva changu. Madzi nawonso ndi magetsi: asanafike pa mpopi wa m'wodi, a Lilongwe Water Board awatulutsa ku madamu a ku Malingunde, awayeretsa ndi kuwapopa kukwera mtunda. Wodwala impso mmodzi akakhala pa makina osefa magazi maola anayi, amadutsitsa malita pafupifupi 120 a madzi oyeretsedwa mwapadera, osawerengera amene atayika posefa.

Tsopano apa ndi pamene Malawi amasiyana ndi anzake. Magetsi athu ambiri amachokera ku madzi a mu Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe EGENCO imazungulitsa makina ake, ESCOM n'kumagawa. Paonjezekanso a dzuwa: mamegawati 60 a ku Salima kuyambira 2021, ndi 20 a ku Golomoti amene ali ndi mabatire. Madzi akamagwa pa mathithi satulutsa utsi. Ndiye yuniti imodzi ya magetsi imene chipatala cha ku Johannesburg chimagula, yochokera ku malasha a Eskom, imabwera ndi pafupifupi kilogalamu yathunthu ya carbon dioxide, pomwe yuniti ya ku Area 33, komwe kuli Kamuzu Central, imabwera ndi kachigawo kochepa chabe. Dengu lachiwiri lija, limene kwina limalemera, kuno n'lopepuka.

Vuto n'lakuti magetsiwo sakhazikika. Mu 2017 madzi atatsika m'nyanja ya Malawi, kuthimathima kunafika poti madera ena ankatha tsiku lathunthu mumdima, mpaka dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, ena n'kuwaika ku Kanengo konkuno. Mu January 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo magetsiwo anabwerera mu 2023. Kuonjezera apo pali matope ndi namasupuni amene amatsamwitsa makina pa Nkula. Zipatala zikuluzikulu amayesetsa kuzipatula pogawa mdima, koma thiransifoma ikapsa, nthambo zikabedwa kapena dziko lonse likazima, palibe wopatulidwa. Onani mmene zimazungulirira: nyengo yasokonekera, yabweretsa chilala kapena namondwe, magetsi a madzi achepa, chipatala chayatsa jenereta, utsi wa jenereta wakaonjezera pa chomwe chasokoneza nyengo chija.

Masamu a jenereta ndi osavuta, ndipo ndi bwino tiwachite limodzi. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a carbon dioxide. Wina angadabwe kuti lita yosakwana ndi kilogalamu imodzi yomwe ikutulutsa bwanji zolemera chonchi. Chimachitika n'chakuti kaboni wa m'mafutamo amakwatirana ndi okosijeni wa mumpweya, ndipo kulemera kwambiri n'kwa okosijeniyo. Jenereta yabwino imapereka mayuniti atatu ndi pang'ono pa lita. Tiyerekeze chipatala chongopeka chimene chimakoka makilowati 500. Pa ola limodzi jenereta imwa malita 150. Magetsi akamathima maola anayi pa tsiku, ndiye malita 600, madiramu atatu, utsi wake makilogalamu 1,620. Chaka chikamatha, malita 219,000 apita, mathankala oposa asanu ndi awiri a malita 30,000, ndi matani pafupifupi 590 a carbon dioxide. Dizilo ameneyo wachita kuyenda kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, wagulidwa ndi madola omwewo amene tikusowa ogulira mankhwala.

Pali kachinthu kena kamene amakanika amadandaula nako. Jenereta nthawi zambiri imagulidwa yaikulu, poopa kuti ingadzalephere katundu. Koma jenereta yaikulu ikamasenza katundu wochepa, wosafika gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, siwotcha mafuta bwino: imafuka utsi wakuda, imadontha mafuta ku ekizozi, ndipo imafa msanga. Zili ngati kutuma lole ya matani khumi kukatenga thumba limodzi la chimanga ku Mitundu. Usiku, ochapa ndi akukhitchini ataweruka, ndi mmene majenereta ambiri amagwirira ntchito.

Komabe ine ndikuona kuti moto waukulu wa chipatala chathu suli m'nyumba ya jenereta. Uli kuseri, kumene magadiyani amaphikira. M'mabuku a ku Ulaya owerengera utsi wa zipatala mulibe mzere wa gadiyani, chifukwa kumeneko wodwala amasambitsidwa ndi kudyetsedwa ndi chipatala. Kuno wodwala aliyense amabwera ndi mayi ake, mlongo wake kapena apongozi, atasenza poto, ufa, beseni ndi mtolo wa nkhuni. Pitani m'mawa pa chipatala chachikulu chilichonse, kapena pa chidikiro cha amayi oyembekezera, mukaone utsi uli tolotolo, mafuwa ali ndandanda, wina akutenthetsa madzi osamba, wina akuphika phala la wodwala amene wakana chakudya cha m'wodi. Moto wa pa mafuwa atatu umataya mphamvu yochuluka: yolowa mumphika ndi 10 mpaka 15 peresenti, yotsalayo imangowotcha miyendo ya wophika. Kilogalamu ya nkhuni zouma imatulutsa carbon dioxide woposa kilogalamu imodzi ndi theka. Tiyerekezenso: magadiyani 1,000, aliyense nkhuni makilogalamu awiri pa tsiku. Ndi matani awiri a nkhuni, utsi woposa matani atatu, kuwirikiza kawiri wa jenereta tinawerengera ija. Makala ndiye amaposa, pakuti kuti apeze kilogalamu imodzi ya makala mu uvuni wa dothi, owotcha amagwetsa mitengo yolemera makilogalamu asanu kapena kuposa.

Ena amatsutsa kuti nkhuni siziwerengedwa, poti mtengo wina ukamera umameza mpweya uja. Zimenezo n'zoona pamene nkhalango ikubwerera. Koma makala ambiri a mu Lilongwe akhala akuchokera ku Dzalanyama, nkhalango yomwe inafika poti boma linatumizako asilikali kukalondera, komanso ndiyo gwero la mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a ku Malingunde. Ndiye mbaula ya gadiyani ndi mpopi wa m'wodi n'zolumikizana. Sindikunena izi podzudzula amayi aja. Munthu wachoka ku Mchinji ndi ndalama ya thiransipoti yobwereka, aphikire chiyani? Ndikungoti moto umenewu ndi mbali ya ntchito ya chipatala, ngakhale sulembedwa pa bilu iliyonse, ndipo utsi wake oyamba kuupuma ndi amayi omwewo ndi makanda ali kumsana.

Moto wina ndi wa zinyalala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati 85 peresenti ya zotayidwa m'chipatala n'zinyalala wamba, ngati za kunyumba, ndipo zoopsa ndi 15 peresenti yokha: majakisoni, mabandeji a magazi, ziwalo zodulidwa, mankhwala otha ntchito. Koma khoko la nthochi likagwera m'bini imodzi ndi thonje la magazi, bini yonse yasanduka yoopsa, iyenera kupita ku ng'anjo. Ng'anjo yabwino imafuna kutentha kopitirira madigiri 850, ndipo kuti ifike pamenepo imamwa dizilo. Ikalephera kufikapo, mapulasitiki a madiripu ndi machubu amatulutsa poizoni wotchedwa dioxin. Kusankha zinyalala m'wodi momwemo, kumene kumaoneka ngati ntchito yonyozeka ya oyeretsa, ndiko kumachepetsa dizilo wa ku ng'anjo.

Uliponso mpweya wosaoneka, wosanunkha utsi. Mankhwala opumira ogonetsa munthu pa opaleshoni thupi siliwagaya kwenikweni. Wodwala amawapumira kunja, n'kukwera kumwamba. Kilogalamu imodzi ya desflurane imatenthetsa dziko ngati makilogalamu 2,500 a carbon dioxide, isoflurane ngati 500, sevoflurane ngati 130, nitrous oxide pafupifupi 270. Scotland inaleka kugwiritsa ntchito desflurane mu 2023. Pamenepa umphawi unatitsogoza pabwino osadziwa: desflurane ndi wodula, ndipo maopaleshoni ambiri kuno, makamaka a amayi ochira, amachitika ndi jakisoni wa pamsana kapena ketamine, zimene sizipita mumlengalenga. Chimene tili nacho chambiri ndi gasi wa m'mafuriji ndi m'zoziziritsira zipinda. R-22 ndi R-410A ndi aukali kuwirikiza pafupifupi 2,000. Mmisiri akabwera n'kungoti gasi watha, tithiremo wina, osasaka pamene pakudontha, kilogalamu iliyonse yothawayo ikufanana ndi kuwotcha madiramu atatu kapena anayi a dizilo. Ngakhale kampope ka buluu ka anthu a mphumu kali ndi gasi wa mtundu womwewu, ngakhale palibe wanzeru amene angauze wodwala mphumu kuti akasiye.

Dengu lachitatu ndilo lalikulu pa dziko lonse: kafukufuku wa 2019 uja anapeza kuti 71 peresenti ya utsi wa ntchito za umoyo uli mu zogulagula. Pafupifupi chilichonse chimene namwino amagwira chachokera kutali. Magolovesi ambiri amapangidwa ku Malaysia, mankhwala ambiri ku India, kumene mafakitale amayendera magetsi a malasha. Zikatsika sitima pa doko zimakwera lole makilomita mazanamazana kudzafika ku nkhokwe za Central Medical Stores Trust, kenako lole ina kupita ku zipatala. Mankhwala akaonongekera m'nkhokwe chifukwa cha kutentha kapena kutha masiku, utsi wonse wa ulendowo wapita pachabe, n'kuonjezapo wa kuwawotcha. Ikaninso Land Cruiser ya ambulansi yochoka ku Nkhotakota, makilomita pafupifupi 200, kubweretsa wodwala amene akanathandizidwa komweko pakanakhala magazi kapena okosijeni, ndi achibale otsatira pambuyo pa minibasi. Chipatala cha boma laling'ono chikafooka, utsi wake umakalembedwa ku Lilongwe.

Apa wina afunsa, ndipo akhala akulondola: kodi zonsezi zikutikhudza chiyani? Mmalawi mmodzi amatulutsa carbon dioxide wa mafuta ndi malasha pafupifupi makilogalamu 100 pa chaka, pomwe wa ku America amatulutsa pafupifupi matani 14. Namondwe Freddy amene anapha anthu oposa 1,000 kuno mu March 2023 sanabwere chifukwa cha jenereta ya pa chipatala cha Bwaila. Lipoti la WHO ndi mabungwe anzake la mu January 2023 linati anthu pafupifupi 1 biliyoni amadalira zipatala zopanda magetsi kapena za magetsi osadalirika. Ife tili m'gulu limenelo. Choncho aliyense wobwera ndi uphungu woti chipatala cha ku Malawi chichepetse magetsi kuti chipulumutse dziko, ine ndingamuperekeze mpaka pa geti. Zipatala zathu zikuyenera kudya magetsi ochuluka kuposa lero: mabedi ambiri a odwala kayakaya, makina ambiri osefa magazi, okosijeni wa m'mapaipi pa bedi lililonse, makina owotcha khansa. Pa msonkhano wa za nyengo wa COP26 ku Glasgow mu 2021 Malawi anali m'gulu la maiko amene analonjeza ntchito za umoyo zotulutsa utsi wochepa, ndipo lonjezo limenelo lili ndi nzeru pokhapokha ngati likutanthauza magetsi ambiri, odalirika, osadalira dizilo. Mwayi wake ngwakuti malo onse amene tapeza utsi, kupatula ochepa, ndi malo omwewo amene pakudontha ndalama kapena pakudwalitsa anthu.

Sola ndiye yankho limene aliyense amathamangira, ndipo Lilongwe dzuwa ali nalo: kilowati imodzi ya mapanelo imapereka mayuniti anayi kapena asanu pa tsiku. Madenga a chipatala ndi aakulu, ndipo ntchito zolemera monga kuchapa, kuphika zipangizo ndi maopaleshoni okonzekera zimachitika masana. Koma pali misampha. Mapanelo ongolumikizidwa ku ESCOM opanda mabatire amazima okha magetsi akathima, pofuna kuteteza amisiri ogwira nthambo, ndiye pa nthawi imene mukuwafunitsitsa amangokhala ngati malata wamba. Mabatire okwanira kunyamula chipatala chonse usiku ndi odula koopsa. Chanzeru ndi kupatula nthambo: thiyeta, chipinda cha makanda, cha odwala kayakaya, furiji ya magazi ndi okosijeni zikhale pa mzere wawo wa mabatire, jenereta izibwera pambuyo pokha. Msampha wachiwiri tonse tinauonapo m'zipatala za kumidzi: mapanelo ali padenga, chikwangwani cha opereka thandizo chili pakhoma, koma mabatire anafa chaka chachitatu ndipo mu bajeti munalibe mzere wogulira ena. Fumbi la mu September lokha, lopanda wolipukuta, limadya gawo looneka la mphamvu.

Zina n'zotsika mtengo moti zimachititsa manyazi kuzitchula. Babu la LED limadya pafupifupi theka la chubu chakale chija. Madzi ochapira ndi osamba angatenthedwe ndi dzuwa mwachindunji, m'matanki a padenga, popanda kudutsa m'magetsi. Khitchini ya magadiyani yokhala ndi mbaula zosunga moto monga chitetezo mbaula, kapena miphika ya magetsi yophika ndi nthunzi imene imapsetsa nyemba pa ola limodzi, ndi mpopi wa madzi ofunda pambali, ingachotse mitolo yambiri ya nkhuni. Ndipo njira ya kangaru, yoika khanda pachifuwa cha mayi ake, imafunditsa mwana popanda yuniti ndi imodzi yomwe, magetsi athime asathime.

Choyambira chenicheni ndi kuyeza. Chipatala chachikulu chikakhala ndi mita imodzi kapena ziwiri za malo onse, bilu ikakwera palibe angaloze kuti wadya ndi ochapa, mochale kapena nyumba za ogwira ntchito. Mamita ang'onoang'ono pa nthambi iliyonse, kaundula wa jenereta wolemba ola loyatsa, ola lozimitsa ndi malita othiridwa, sikelo ya pa ng'anjo, buku la mmisiri wa mafuriji lolemba gasi amene wathira, ndi munthu mmodzi woima pa geti sabata imodzi kuwerenga mitolo ya nkhuni ndi matumba a makala olowa: ndi zimenezi, pakutha pa miyezi itatu, oyang'anira chipatala angadziwe dengu loyamba kulitula. Kaundula wa jenereta ali ndi phindu linanso limene akawuntanti amalikonda. Maola ndi malita zikapanda kugwirizana, ndiye kuti dizilo wina sanapsere mu jenereta.